Dulaya ya mu saluni ya ku Biwi

Mkazi wanga anali ndi saluni ku Biwi, kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale. Ndikaweruka ndinkadzera komweko kumudikira kuti atseke. Ku koleji ndinaphunzira za makina, koma ntchito imene ndinapeza ndi yokonza majenereta. Injini zikuluzikulu ndinkangozionera pa foni.

Loweruka lina masana, kasitomala atatuluka, ndinamuonetsa mkazi wangayo kanema wa ndege yankhondo. Inali itaima pa sitima ya panyanja, ikulira. Sinathamange ngati zimene timaona ku bwalo la ndege. Paipi yakumbuyo yotulutsa mpweya inapindika ngati chigongono n'kuloza pansi, ndipo chitsulo chonsecho chinakwera pang'onopang'ono n'kuima m'malere.

"Bwezerani," anatero. Ndinabwezera.

"Aa, bambo, izi n'zapakompyuta."

"N'zenizeni."

"Nanga yatsamira chiyani?"

"Mpweya wake womwe."

Ndinamuuza mmene akatswiri anavutikira zaka zambiri. Injini iyenera kukankha koposa kulemera kwa ndege yonse, mafuta ndi munthu yemwe. Ena anayesa kuimika ndege pa mchira, woyendetsa n'kumatera chagada, pansi osapaona. Ena anawonjezera injini zongonyamulira, zimene m'mwamba zinkasanduka katundu. Kenako kunabwera nzeru yoti mapaipi a injini azitembenuka, ndipo timpweya tina tizituluka kunsonga kwa mapiko kuti ndege isapendekeke.

Iye anatenga dulaya yake youmitsira tsitsi, naiyatsa atailozetsa pansi. Tsitsi lonse limene linagwera pansi tsikulo linabalalikira m'makona.

"Ikundikankha dzanja! Tagwirani."

Ndinagwira, dzanja lake lili pansi pa langa. Inkakankhadi m'mwamba, pang'ono kwambiri, ngati kamwana kakutukula chikhatho chako. Ndinali nditaziwerenga m'mabuku, n'kuzilemba pa mayeso, koma ndinali ndisanazimvepo m'thupi.

"Iyi ikungonyamula dzanja," ananong'ona. "Ija ikunyamula munthu wamoyo."

Kuyambira pamenepo, akamayatsa dulayayo ine ndilipo, ankati, "Akaputeni, tinyamuke?"

Anamwalira mvula itangoyamba. Za zimenezo sindilemba.

Patapita nthawi, abale ake anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzagawa katundu wake. Mwambo ndinkaudziwa. Za mkazi zimapita kwa abale ake aakazi, mwamuna amakhala pambali ndi mutu wake wometa, sapempha kanthu. Anayala mphasa pakhonde pathu ku Kawale. Zitenje zinapita, nsapato zinapita, ine ndikungoonerera. Kenako apongozi anga anatola dulaya n'kupatsa mlamu wanga, mng'ono wake wa malemuyo, amene amaluka tsitsi ku Mchesi.

"Amayi," ndinatero ndikuyang'ana pansi, "ndipempheko chinthu chimodzi. Dulayayo."

Onse anatembenuka.

"Alamu," anatero mlamu wanga, "mpala umenewu muumitsapo chiyani?"

Anthu anaseka, koyamba pakhomopo chichitikire maliro. Apongozi sanaseke.

"Ndi chida cha ntchito chimenechi, bambo. Mnzanuyu adyerapo. Inu mukufuna mutani nacho?"

Magetsi analipo tsikulo, ndiye ndinakoka waya kudzera pawindo, n'kuiyatsa. Mkamwini sagwira dzanja la apongozi ake mwachisawawa, choncho ndinapempha mlamu kuti awagwiritse, ailozetse pansi. Fumbi la pakhonde linathawa mbali zonse.

"Mukumva chiyani, Amayi?"

"Ikufuna kukwera," anatero.

"Mwana wanu ndiye anandionetsa zimenezi."

Ndinawapatsira foni ndi manja awiri. Anaonera ndege ija ikupinda paipi yake, ikudzuka, ikuima pamene palibe choimapo. Azakhali ena anati, "Mayo ine!" Apongozi anayandikitsa foni kumaso, dulaya ikulirabe kudzanja linalo.

"Iyeyo anaona izi?"

"Anaona, Amayi. Anati ndibwezere."

Anaonera mpaka kumapeto. Kenako anazimitsa dulaya okha, anakulunga waya wake bwinobwino monga mmene mwana wawo ankakulungira, n'kuiika pamphasa, mbali yanga.

"Iwe," anauza mlamu wanga, "utenga magalasi ndi mipando."

Mlamu anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Chabwino. Koma alamu, ikadzanyamuka musadzandisiye."

Ili pa shelefu kuchipinda. Sindiiyatsa kawirikawiri.