Yisiti ya amayi ndi mchere wa achimwene

Chaka chimene masitolo a ku Bindura anayera mbee, ife ku komboni ya Chiwaridzo tinkakhalira mabanzi a amayi. Abambo anali atachotsedwa ntchito kumgodi. Yisiti ya m'mapaketi inasowa, ndiye amayi ankasunga yawo yamoyo: kamtanda kofufuma m'chigubu, kamene ankatapako pokanda fulawa. Kanthuko kanali kovuta ngati khanda. Kukazizira kankangogona osatupa, kukatentha kwambiri kankafa. Mu Juni ankakafunditsa bulangete n'kukaika kunsi kwa bedi, ndipo kashuga kalikonse kopezeka kankapita kumeneko. Ife tiyi tinkamwa wosatsekemera.

Achimwene anga anabwera kudzakhala nafe kuchokera ku Madziwa, atangolowa kumene tchalitchi cha mapemphero otulutsa ziwanda. Anaona amayi atagwada, akuthira shuga m'chinthu chofunditsidwa kunsi kwa bedi. Sanafunse. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ife ana a Amalawi obwera, eni dziko ankatinena kale kuti timaweta zikwambo, tizilombo taufiti tobweretsa chuma. Chuma chake chiti, m'nyumba yomwera tiyi wopanda shuga? Anene akunja, chabwino. Koma munthu wobadwira m'nyumba momwemo!

Tsiku lina ine ndi amayi tili kogulitsa mabanzi pokwerera makombi, maminibasi akuno, achimwene anatulutsa chigubu chija. Anathiramo mchere wamiyala wopemphereredwa, dzanja lodzaza, n'kuwonjezera madzi owira. Titafika anatilandira pakhomo, chifuwa chili patsogolo.

"Mhamha, chinthu chanu chija ndathana nacho. Chimachita thovu, chimapuma!"

Amayi anatsegula chigubucho n'kununkhiza.

"Chimapumadi, mwanawe. Ndi chimene chakhala chikukudyetsa."

Ine ndinalalata mpaka aneba anatulukira pawindo. Ndinawafunsa achimwene ngati pakamwa pawo panali pa mapemphero pokha, moti funso limodzi likanawathyola nsagwada. Iwo anangoti mzimu woipa sufunsidwa mafunso.

Amayi sanandithandize kukalipa. Anakokolola kamene kanamatirira m'mbali mwa chigubu, n'kukasakaniza ndi fulawa ndi shuga wathu womaliza. Anakafunditsa, tinadikira. Sikanatupe.

M'mawa mwake achimwene anakhala pampando wawo, kapu ya tiyi m'manja, kudikira banzi monga mwa masiku onse. Amayi anabwera ndi mbale, n'kugwada mwaulemu ngati akulandira mlendo, n'kuiika patsogolo pawo. Munali mchere wawo wotsala uja.