Masaya a Zulfa

Zulfa wa ku Nkaya ankakhalira kugulitsa chinangwa chophika pa mawindo a sitima. Chaka cha njala, 2016, chinangwacho chinasowa, ndipo iye ndi ana ake atatu ankagonera phala la madeya, likapezeka. Mwamuna analowa ku Joni kalekale, osatumiza ngakhale moni.

Achimwene ake a Abdulrahim, a golosale ku Balaka, omwe sankamuitana ngakhale pa Idi, anamukumbukira impso zawo zitasiya kugwira ntchito. Abale onse atayezedwa kuti apezeke wowapatsa impso, wogwirizana nawo magazi anali Zulfa yekha. Koma adokotala ku Blantyre anapukusa mutu: mayiyu ngowonda kwambiri, magazi ngochepa, komanso anadwalapo likodzo. Impso yotere njokayikitsa. Ayambe wabwerera thupi, adzamuyezenso ulendo wa ku India kokachita opaleshoniyo usanachitike.

"Alamu, bwerani tikusungeni," anatero a Sharifa, akazi a Abdulrahim. "Zikatheka, ana anu sadzagonanso ndi njala."

"Ndibwere nawo anawo?"

"Iyayi, nyumba njochepa."

Nyumba ya zipinda zisanu! Zulfa anasiya ana kwa neba n'kupita. Zinali zowawa, chifukwa anthu aja sankasunga munthu, ankasunga impso. Mazira, mkaka, chiwindi, a Sharifa ali chiimire pambali mpaka ameze. Lachisanu lililonse ankamukweza pa sikelo yogulira nandolo. Tsiku lina anamugwira akumanga mazira awiri owiritsa pa nsonga ya chitenje kuti atumizire ana.

"Mpaka kuba chakudya cha impso ya achimwene anu? Manyazi mulibe?"

Patatha miyezi itatu Zulfa ananenepa, masaya kuchita kuwala. Adokotala atajambula impso zake anapeza kuti likodzo linasiya zipsera, ndipo kuchotsa imodzi kukanakhala kumupha. Anakana. Tsiku lomwelo a Sharifa anamupatsa ya sitima yokha, ngakhale kathumba ka ufa ayi.

Ku Nkaya anapeza mwana wamng'ono tsitsi litafiira, mapazi atatupa. Mwamwayi sabata imeneyo ankalemba mayina a olandira chimanga chaulere. Zulfa anathamanga kukaima pamzere, pakati pa anthu otsala mafupa okhaokha. Atafika kutsogolo, a Feston olemba mayinawo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ena kumbuyo n'kuyamba kung'ung'udza.

"Mayi, muziopa Mulungu. Ndi masaya amenewa? Patukani, tilembe anjala."