Nsapato za Kapikapu

Dzulo minibasi ikutsetsereka cha ku Bvumbwe, mabuleki ananunkha chopserera, ine n'kukumbukira nsapato zimene sindinavale.

Bambo anali kapitawo ku esiteti ya tiyi. Anali ndi kapikapu kakalekale, ndipo ankakaimika kumtunda kwa nyumba yathu. M'mawa wina tinakapeza m'munda wa tiyi kumunsi, katadutsa pabwalo pathu popanda woyendetsa. Ine ndinkayesa kuti kamathawa.

Kunabwera a Namakhwa, amakaniko. Atakoka handibuleki, inangokwera mpaka m'mwamba osagwira. Anagona pansi n'kugwedeza kebulo yake.

"Iyi ili bwino," anatero.

Kenako anamasula tayala lakumbuyo ndi chitsulo cham'kati mwake, fumbi lakuda n'kuwathira m'manja.

"A kapitawo, mashuzi a mabuleki atha. Pakufunika atsopano."

Kusukulu tinali titaphunzira kuti shuzi ndi nsapato. Ndinasuzumira kunsi kwa galimoto, koma sindinaone phazi ngakhale limodzi.

Loweruka bambo anapita ku Limbe, kumene anali atalonjeza kukandigulira nsapato za kutchalitchi. Anabwerako ndi kabokosi kolemera, konunkha girisi.

"Nanga zanga, bambo?"

"Ayambe avala ndi akuluakulu," anatero uku akupatsira a Namakhwa kabokosiko.

Ndinakakwiyira kapikapuko mpaka Khirisimasi. Ndikamadutsa ndinkamenya tayala ndi phazi langa losavala, n'kupweteka ndine.

Ndinachita kukula kuti ndizindikire kuti pabwalo pomwe kanadutsa paja m'pamene ndinkakhala tsiku lililonse, ndikusewera phada.