Manotsi a mkazi wanga anasendera kumanja

Mkazi wanga ankaphunzitsa kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu ku Kanyama. Nyimbo zimene ankapeka ankazilemba mu kompyuta yakale imene abwana ake anamupatsa popuma ntchito, noti iliyonse pamwamba pa liwu lake: do, re, mi. Pagalasi la kompyuta manotsiwo ankaoneka osakanikirana ndi zizindikiro zina, ndipo ankakhala m'malo mwake pokhapokha ukasindikiza. Pulinta yathu inafa iye asanamwalire, ndipo za masiku ano sizigwirizana ndi kompyutayo. Mapepala amene anasindikiza kale anawagawira amayi a kwaya, iwo n'kukulungira kapenta. Ndinkamuuza kuti azindipatsa ine ndisunge. Ine nditaye pepala?

Mlamu wanga, mlongo wake wa malemuyo, ali ndi kashopu kosindikiza ku Matero. Anabwera n'kuika mu kompyutamo pulogalamu yaulere imene imadzionetsa ngati pulinta, koma m'malo mwa pepala imatulutsa fayilo ya PDF yoti n'kupita nayo kulikonse. Nyimbo zinatulukadi. Koma manotsi onse anasendera kumanja, iliyonse pa liwu la mnzake.

"Bamulamu, si ivi vachoka? Mufuna chani futi?" anatero iye.

"Imbani mzere uwu," ndinayankha.

Anayamba bwino, n'kuima pakati ngati wameza fupa.

Anandisonyeza malo a pa intaneti kumene olemba pulogalamuyo amalandira madandaulo. Ndinalemba m'Chingelezi changa cha kusukulu, ndipo anandiyankha munthu wa dziko lakutali amene sindinaone nkhope yake. Ameneyo ndilibe naye mlandu. Ankafunsa modekha, ine ndinkayesa zimene wanena, mlamu ankatumiza zotsatira. Wina analowererapo kuti kwa iyenso mizere imasendera. Pamodzi anapeza kuti pulogalamuyo imachotsa zilembo za kompyuta yakale n'kuikapo zake, zosiyana m'lifupi. Anatumiza chokonza. Ndime yoyamba inakhala bwino, moti ndinaiwerenga nditaimirira. Koma manotsi a kumapeto kwa mizere anasowa. Anatumiza china, nati ndiyese ndimuuze. Uthenga uliwonse ndinkausindikiza kushopu kwa mlamu n'kuuika mu envulopu.

Ndiye mvula inabwera monga imabwerera ku Kanyama. Madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo. Kompyuta ndinaikweza pamwamba pa kabati, ine n'kukakhala kwa mwana wanga ku Chilenje mpaka kutauma.

Nditabwerera ndinapeza nkhani yathu ya pa intaneti ija yatsekedwa. Sanaitseke munthu ayi, koma makina amene anawaika kuti azitseka dandaulo lililonse limene lakhala chete. Kodi amene anaika makinawo anayamba waonapo madzi ali pansi pa bedi? Ndinalemba mokalipa. Anayankha munthu wina, mwaulemu ndithu, kuti mnzanga wa kutali uja anasiya kuthandiza, kuti makompyuta akale otere sakuwasamalanso, ndipo popeza pulogalamuyo ndi yotseguka kwa aliyense, ndikhoza kuikonza ndekha. Ine, ndi magalasi angawa. Yankho limenelonso ndinalisindikiza.

Chokonza chachiwiri chija sindinachiyese. Chinyontho chinalowa mu kompyuta. Ndikaiyatsa imalira tche, tche, kenaka zii.

Mlamu, pofuna kuthandiza, anali atatumiza fayilo yoyamba ija, yosendera, ku mafoni a amayi a kwaya. Lamlungu lina amayiwo anaimirira n'kulengeza kuti aimba nyimbo ya malemu. Mawu anali ake. Maimbidwe ankakwera pamene iye ankatsika. Titatuluka ndinapita kwa mayi amene akutsogolera kwaya tsopano.

"Amayi, nyimbo ija siyenda choncho."

Ananditambasulira foni. "Batate, ni mwamene banalembera. Onani mweka. Kapena mutiimbileko imwe?"

Ndinayesa, pakhomo pa tchalitchi pomwepo. M'mutu ndimaimva bwinobwino, koma ine sindinakhalepo woimba. Mkazi wanga ankandipempha kuti m'tchalitchi ndizingoyendetsa milomo. Amayi aja anamvetsera mwaulemu mpaka ndinasiya ndekha. Lamlungu lotsatira anaimbanso monga zilili pa foni.