Heliopolisi wa Agogo Semba

Fungo la hita ya gasi likandilowa m'mphuno, ndimawaona agogo Semba ali pampando wawo pawindo, bulangete lili m'mawondo ngakhale m'chilimwe, akupuma mofwenthera ngati ketulo yoyamba kuwira. Nyumba yawo ndi yathu ku Evington, kuno kudziko la azungu, zinkalekana ndi khoma limodzi. Kwawo ku Nsanje anali mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo atakalamba anadzakhala ndi mwana wawo, anti Grace, namwino.

Ndikaweruka kusukulu ankagogoda khoma katatu. Ndinkapita monyinyirika, poti nkhalamba ija sinkatopa ndi mizinda ya anthu amene anafa kalekale.

"Heliopolisi, Tadala. Mzinda wa ku Igupto, koma dzinalo anatcha ndi Agiriki. Helio, dzuwa. Polisi, mzinda, osati apolisi ogwira akubawa ayi." Ankaseka mpaka kutsokomola. "Heliopolisi wanga ine ndi Nsanje. Kumeneko ngakhale mthunzi umawotcha."

Mutu utayamba kuwasokonekera, Chingerezi chinathawa, mayina a adzukulu anathawanso. Ankangogwira mkono wa anti Grace n'kumati, "Mukandiike ku Heliopolisi."

"Ndi dimenshiya iyi, asisi," anti Grace anauza amayi, ine ndili pomwepo. "Tsiku lonse nkhani ndi ya apolisi. Ndawabukira kwa dokotala."

Ine ndinkadziwa kuti akupempha kwawo. Koma mwana wa zaka khumi angatchule bwanji manda a munthu wamoyo pamaso pa akuluakulu? Ndinaopa, ndinatseka pakamwa.

Atamwalira anawaika konkuno, mvula ikuwaza, m'dothi lakuda lozizira.

Lolemba lotsatira, nditangovula yunifolomu, khoma linalira. Go, go, go. Anti Grace anali kushifiti, nyumba ili yokhoma. Amayi anati ndi mapaipi. Mapaipi amadziwa nthawi yoweruka? Masana ena ndinasuzumira pawindo lawo: mpando umene anti Grace anaukankhira pakona unali utabwerera pamalo pake, kuyang'ana kumitambo kumene dzuwa linabisala.

Nditakula ndinadzawaululira anti Grace zimene agogo ankapempha zija. Iwo anati, "Mwanawe, bwanji sunanene?"

Lero ndimakhala ku Oadby, m'nyumba yoima payokha, ndipo ndinaisankha dala kuti pasakhale khoma la mnansi. Koma dzuwa likatuluka, anzanga onse akuthamangira panja, ine ndimatseka makatani. Ndimachita nalo manyazi.