Tsiku limene bambo anandiona ndikuphwanya mafuta

Bambo anga anabwera ku Joni kudzanditenga, ndipo sanabise. Atangofika m'kachipinda kanga ku Hillbrow kuchokera ku Ntcheu, asanamwe n'tiyi yemwe, anaponya pansi chikwama chachikulu chopanda kanthu. "Iwe, zaka zonsezi ukadali pasukulu? Longedza tizipita. Kwathu akusowa aphunzitsi."

Ndinapsa mtima, koma ndinaugwira. Bambo anagwirapo ntchito m'migodi yakuno ali mnyamata, ndipo kwa iwo ntchito ndi imene imatulutsa thukuta. Zanga za ku yunivesite, zofufuza kayengedwe ka mafuta a galimoto, ankaziyesa masanje.

M'mawa mwake ndinawakweza takisi mpaka ku labu. Nditawaveka magalasi oteteza maso, anadandaula kuti ndawasandutsa kadzidzi.

"Bambo," ndinatero, "mafuta akatuluka pansi, ambiri amakhala olemera ngati phala. Tizigawo take n'tolumikizana ngati unyolo wautali, galimoto singayendere. Ndiye timawatentha kwambiri mpaka unyolowo uduke, patuluke petulo ndi gasi."

Ndinaviika thonje losapsa m'mafuta n'kuliika m'kabotolo kagalasi kogoneka, pakati pake n'kuikapo tizibenthu ta mbale yadothi tothandiza kudulako. Kapaipi kochokera m'kabotolomo kanalowa m'beseni la madzi. Nditayatsa moto, gasi anayamba kutuluka m'madzimo ngati thovu. Ndinamukola m'kabotolo kena, n'kumuyatsa ndi machesi. Bambo anangoti "Eya," ngati munthu woonera matsenga a pamsika. Zinandiwawa.

Pomaliza ndinazula kapaipi kaja m'madzi, kenako n'kuzimitsa moto. Sindinaganizeko n'komwe, manja anazolowera.

"Taima," anatero bambo. "Bwanji sunayambe wazimitsa moto?"

"Mukazimitsa kaye, botolo limazizira n'kukoka madzi. Madziwo akangokhudza galasi lotentha, limakuphulikirani kumaso."

Anasisita dzanja lawo lamanzere, limene lili ndi zala zitatu zokha. Chibadwire changa anali asanandiuzepo za zalazo. Tsiku limenelo anandiuza. Kumgodi umayamba wagogoda denga kuti umve ngati pali mwala wolendewera, kenako n'kumaboola. Iwo tsiku lina, pofulumira, anayamba n'kuboola, mwala n'kuwagwera padzanja.

"Ntchito yeniyeni ili ndi choyamba ndi chachiwiri," anatero. "Ukasinthanitsa, imaluma. Masanje saluma, mwana wanga."

Ndinayang'ana kumbali kuti asaone misozi, poti ine ndi wamakani ngati iwo omwe.

Lamlungu ndinawaperekeza kokwerera basi, chikwama chija atachipinda n'kuchiika m'khwapa. Atakhala pampando, ndinawamva pawindo akuuza mayi wina amene sankamudziwa n'komwe: "Mayi, mukumuona mtsikana uyo? Ndi wanga. Basi ino ikuyendera mafuta ake."

Ine ndinali ndisanayengepo mafuta odzaza ngakhale kapu imodzi. Koma ndinaima chilili, chifuwa patsogolo, ndipo sindinawatsutse.