Galu Womva Chinyanja wa Agogo Sakala

Fungo la ubweya wa nkhosa wonyowa ndi mvula limandibwezera msanga mu garaja ya agogo Sakala ku Oshawa, m'dziko la Canada, momwe munali mbaula ya nkhuni yotulutsa kautsi m'mbali mwa paipi, majombo amatope ali ndandanda pakhomo, zingwe zachikopa zitakolowekedwa pamisomali, ndi galu wamkulu wakuda pamsana atagona pachiguduli, makutu ali chilili kumvetsera sitima ya ku Toronto ikulira chapatali. Munali m'zaka za m'ma 1990, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Sanali agogo anga enieni. Ife tinachoka ku Ntcheu ine ndili wamng'ono, pomwe iwo anali a ku Chipata, ndipo anagwira ntchito kufakitale ya magalimoto mpaka kupuma. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali. Chinkatilekanitsa ndi mpanda wamatabwa basi, ndipo Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi amayi ankandituma kukawapatsira ndiwo. Galuyo amayi sankafuna n'kumuona komwe. Ankati kwathu galu amagona panja, ndipo munthu wamkulu wokweza galu pampando wa galimoto ndiye kuti kusungulumwa kwamukwana.

Anali galu wamkazi, wa mtundu uja wa ku Germany wothandiza kubusa. Pamapepala ake panali dzina lalitali lopota lilime, koma agogo ankangoti Tilipo. Loweruka lililonse ankapita naye kufamu ya mayi Helen, mzungu wachikulire woweta nkhosa kumpoto kwa tauni, n'kumakamuphunzitsa ntchito. Agogo anakulira kubusa ng'ombe ndi mbuzi, choncho galuyo anamuphunzitsa m'chilankhulo chimene iwo ankabusira: zungulira, bwera nazo, gona, zileke. Chingerezi Tilipo sankachilabadira.

Bungwe la oweta agalu amtunduwu, limene agogo analowa, linali ndi lamulo lake. Galu asanaloledwe kubereka ana olembedwa m'kaundula, ankayenera kujambulidwa mafupa a m'chiuno, kuonedwa khalidwe, kenako kupambana mayeso a ntchito pamaso pa woweruza. Ziwiri zoyambazo Tilipo anali atadutsa. Chotsala chinali satifiketi ya ubusa, ndipo zaka zake zobereka zinali kupita.

Tsiku lina ndikubwera ndi mbale ya ndiwo ndinapeza mlendo, bambo wina wakwathu wokhala ku Mississauga, atagwira galu wamphongo wonyezimira ubweya, amene ankafuna kuti abereke ana ndi Tilipo.

"Madala, zamapepalazi n'za azungu," ankatero bamboyo. "Anthu akufuna tiagalu. Palibe adzafunse za nkhosa."

"Galu wanu adziwa nchito bwanji?" anafunsa agogo m'Chinyanja chawo cha ku Chipata.

"Simukumuona kukongola?"

"Namuona. Manje nikabereketsa galu amene siniziwa mutu wake, mwana wake akaluma mwana wa munthu, mulandu ni wanga."

Agogo anawaphikira tiyi, anacheza za kumudzi, n'kuwaperekeza kugalimoto mwaulemu, galu wawo ali pambuyo.

Chilimwe cha chaka chimenecho mawu a agogo anayamba kusasa. Madokotala anapeza chotupa pakhosi, ndipo atachitidwa opaleshoni anabwerako opanda mawu. Ankangonong'ona movutikira, mpaka utayandikiza khutu, ndipo ankayenda ndi kabuku ndi pensulo m'thumba la malaya. Mayeso anali atatsala miyezi iwiri. Anayesa wenzulo, koma Tilipo ankangoima n'kuwayang'ana kukamwa, kudikira mawu amene anawazolowera. Mayi Helen anayesako, lilime linawakanika.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe agogo anafika kwathu atavala jekete. Atakhala pansi analemba m'kabuku muja n'kupatsira bambo anga, amene anawerenga mokweza: "Nibwerekeni Thoko."

"Agogo, mwana uyu Chichewa chake n'chongomva," anatero amayi. "Mukamufunsa kanthu amayankha Chingerezi. Galuyo akamumva bwanji?"

Zinali zoona. Kusukulu sindinkafuna kuti anzanga andimve ndikulankhula zakwathu, ndipo pang'ono ndi pang'ono pakamwa panauma. Agogo analembanso: "Azaphunzira onse awiri."

Loweruka loyamba kufamu linali lamanyazi. Ndinaima pakati pa dambo, ndodo ya agogo m'manja, mphepo ikununkha ndowe ndi udzu wouma, nkhosa zikulira kukhola, n'kufuula kuti gona. Tilipo anapendeketsa mutu, anandiyang'ana, kenako anatembenukira kwa mbuye wake ngati akufunsa kuti kamwanaka kakuti chiyani. Agogo sanaseke. Anandigogoda pachifuwa ndi chala n'kundinong'oneza kuti, "Mawu achokere apa. Usamupemphe, umuuze."

Amene anandiwongola lilime anali amayi, omwe aja odana ndi galu. Tikupinda zovala kapena kutsuka mbale ankandibwerezetsa mawu onse a m'kabuku ka agogo. Ovuta kwambiri anali pang'onopang'ono, mawu amene galu amauzidwa akayamba kuthamangitsa nkhosa. "Si pango, iwe," ankatero, thovu lili m'manja. "Pang'o. Atulukire m'mphuno." Ndinkalakwitsa, iwo n'kumaseka mpaka kupukuta misozi ndi chigongono. Ndikaganiza tsopano, ndimaona kuti m'khitchini muja ndi momwe ine ndi amayi tinayamba kucheza ngati anthu awiri.

Tsiku la mayeso linafika masamba atafiira. Zinachitikira pafamu ina yachilendo, ndi nkhosa zachilendo. Ntchito yake inali yomveka: kutulutsa nkhosa m'khola, kuyenda nazo m'kanjira, kuziwolotsa pakamlatho kamatabwa, kuzidyetsa pamalo olembedwa malire galu akulondera m'mbali, kenako kuzibwezera m'khola. Woweruza, bambo wamtali wa chipewa, ankatsatira pambuyo ndi pepala lake. Agogo anaima kunja kwa waya, chifukwa sankaloledwa kuthandiza.

Zinayamba bwino. Nkhosa zinatuluka mwadongosolo, Tilipo akuyenda m'mbali mwake mutu uli pansi. Koma titafika pakamlatho, nkhosa ina yaikazi inaopa kulira kwa matabwa, inatembenuka n'kuliyatsa liwiro kulowera kumsewu. Tilipo anaithamangira. Mawu onse a m'kabuku anandithawa. Chimene chinatuluka pakamwa chinali Chingerezi: "Stop, Tilipo, stop." Sanaime. Anaipeza nkhosayo, anaigwira mwendo ndi mano n'kuigwetsa pansi, zinzake zonse n'kubalalika. Nkhosa sinavulale kwenikweni, koma woweruza anakweza dzanja. Mayeso anathera pomwepo.

M'galimoto pobwerera ndinalira njira yonse, Tilipo akundinyambita khosi kuchokera kumbuyo, zomwe zinkangowonjezera. Ndinkadziwa chimene ndawalanda agogo. Mayeso ena anali chisanu chikatha, ndipo palibe ankadziwa ngati iwo kapena galuyo adzafikeko ali ndi mphamvu. Titaima pamaloboti ena analemba msanga atatsamiritsa kabuku pachiwongolero: "Woweruza sanalakwe. Galu amene samva pa nthawi yovuta sayenera kubala." Ndinalira kwambiri. Pamaloboti otsatira anawonjezera: "Loweruka nikutenga 8 koloko."

Bambo wa ku Mississauga uja atamva anabweranso, ati popeza zalephereka, angogwirizana zobereketsa agalu aja. Ndinali pomwepo ndikusesa garaja. Agogo anali ataonda, khosi lili lomanga mpango, ndipo ine mumtima ndinkafuna avomere kuti mlandu undichoke. Anangopukusa mutu n'kuika ketulo pambaula.

Chisanu chonsecho tinkapita kwa mayi Helen, chipale chofewa chikulira tikamachiponda, zala zikuuma m'magolovesi, mpweya wa nkhosa ukufuka ngati utsi. Agogo ankakhala m'galimoto injini ikulira, zenera lili lotsegula pang'ono. Anapangana ndi mayi Helen kuti azindidzidzimutsa dala: kumenya chitini, kutsegula geti mwadzidzidzi, kumasula kankhosa kosamva. Cholinga chinali choti mantha akandigwira, mawu oyamba kutuluka akhale amene galu amawadziwa. Kunyumba agogo anauza makolo anga kuti ndikawayankha m'Chingerezi azikhala ngati sanamve. Ndinakwiya nazo milungu ingapo. Kenako tsiku lina ndinaponda poterera pakhomo n'kumva pakamwa panga pakuti "mayo ine", ndipo bambo anga, amene ankakolopola chipale pagalimoto, anaseka mpaka kukhala pansi.

Mayeso achiwiri anachitika udzu utangophuka. Sindinganame kuti tinachita zodabwitsa. Potuluka m'khola nkhosa zinapanikizana, ndipo pamalo odyera Tilipo analumpha malire kawiri. Pakamlatho nkhosa yotsogola inaima, inapondaponda, maso ali kumsewu. Ndinaona msana wa Tilipo ukuuma, wakonzeka kudumpha. Ndinati, "Gona." Anagona. Tinadikira mpaka nkhosayo inanunkhiza thabwa n'kuponda. "Bwera nazo, pang'onopang'ono." Zinawoloka zonse.

Woweruza anati tapambana, ngakhale kuti malikisi athu anali apansi pa onse amene anakhoza tsikulo. Anandifunsa kuti chinali chilankhulo chanji, ndipo kanali koyamba kuti ndiyankhe funso limenelo ndisakuyang'ana pansi. Agogo anandiyandikira. Anandilanda ndodo, anaiyang'anayang'ana, n'kundibwezera.

Tilipo anabereka kamodzi kokha, tiana tinayi, kwa galu wamphongo amene nayenso anali ndi satifiketi ya ntchito. Agogo anakana anthu angapo ofuna kagalu kosewera nako m'nyumba, ndipo tiana tonse tinayi tinapita kumafamu. Kagalu kamodzi anapatsa mayi Helen, ndipo ndine ndinkapita kukathandiza kukaphunzitsa, kakutsanzira mayi wake. Agogo anamwalira chaka chotsatira. Tilipo anadzakhala kwathu, ndipo anakalambira pachiguduli cha m'khitchini mwa amayi, amene ankamuuza nkhani za kuntchito akamasenda mbatata.

Lero ndimakhala ku North York, m'fulati yam'mwamba momwe simungasungidwe galu wotere. Chaka chatha ndinatenga mwana wanga wamkazi kukaona famu ija. Mayi Helen kulibe, akuyendetsa ndi mdzukulu wawo, bambo wandevu zofiira amene sankandidziwa. Tili chiimire pageti tinamumva akuitana galu wake kutsidya la dambo kuti, "Bwera nazo." Anatchula mokhota, ndendende mmene ndinkatchulira ine ndili mwana. Nditamufunsa, anati agalu onse a pafamupo amaphunzitsidwa ndi mawu amenewo kuyambira kale, ndipo iye ankayesa kuti ndi Chijeremani.

Ndinamufotokozera tanthauzo la liwu lililonse, iye n'kupempha kuti ndimulembere. Ndinalemba pachikatoni cha chakudya cha nkhosa, ndipo pansi pake ndinaika dzina la agogo Sakala ndi la Chipata. Anakachikhomera m'khola. Pobwerera mwana wanga, amene amandiyankha m'Chingerezi monga ndinkachitira ine, anandipempha kuti ndimutchulirenso mawu aja mmodzimmodzi. Tinkangobwereza mawuwo mpaka tinafika kunyumba.